Maluwa Otsanzika a Mtengo wa a Dokotala

Mlandu wa mtengo anaupereka kwa Sajeni chifukwa mkazi pa ofesipo anali yekha, ndipo abwana ake ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chilichonse chokhala ndi maluwa ndi ntchito ya akazi. Failo yake anachita kumuponyera patebulo ngati akuponyera galu fupa.

"Kwaphedwa munthu wamkulu uku," anatero abwanawo, apolisi ena atayamba kale kuseka. "Mtengo wa mapeyala. Wakupha tamugwira kale, ali m'chitolokosi. Inu mungokatenga masitetimenti basi, Lolemba akaonekere kukhoti."

Sajeni sanaseke. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ntchito zinamuphunzitsa kuti ukasekerera nthabwala ya bwana, mawa amabwera nayo ina yoipa kuposa. Anatola failoyo n'kupita kukamuona wakuphayo.

Anapeza bambo wachikulire, woonda, imvi zili mbuu, atakhala pasimenti manja ali pamawondo. Papepala analembapo kuti ntchito yawo ndi gadeniboyi, ngakhale kuti munthuyo akanatha kubereka wapolisi amene analembayo. Kunyumba ya malemu a Dokotala, komwe anagwira ntchito zaka makumi atatu, aliyense ankangowatchula kuti a Gadeni.

"Akuti munasenda khungwa kuzungulira mtengo wa abwana anu mpaka wauma. N'zoona?"

"Alemba choncho, bwana?"

"Alemba choncho."

"Ndiye kuti ndi choncho."

"Ine ndikufunsa inuyo, sindikufunsa pepala. Mukavomera, woweruza akhoza kukupatsani zaka ziwiri. Msinkhu wanuwu, kundende simukatulukako mukuyenda nokha. Mukundimva, bambo?"

A Gadeni anayang'ana zikhadabo zawo, zakuda ndi dothi lomwe sopo analigonjera kalekale.

"Kodi kunjaku yagwako mvula?"

"Ayi."

"Wina akathirire mandimu ali kuseri kwa thanki. Ndinawaokera sabata yatha yomweyi."

Sajeni anatuluka atapsa mtima. Anali atazolowera anthu olira ndi anthu onama, ndipo onsewo ankadziwa powagwira. Koma munthu wofunsa za mandimu ndende ili pakhomo anamusokoneza mutu, ndipo iye sankakonda kusokonezedwa mutu m'mawa asanamwe tiyi.

* * *

Inali nyengo yotentha ija mvula imangolonjeza osabwera. Mitengo ya jakaranda ya m'mbali mwa msewu inali itatha kuyoyola maluwa ake, otsala atauma m'ngalande. Pageti la nyumba ya malemu, Sajeni analandiridwa ndi mwana wawo wamwamuna, loya, amene anali atamanga tayi dzuwa likuswa mtengo.

"Nkhaniyi ndi yachidule, a Sajeni," anatero Loya akumutsogolera kumunsi kwa dimba. "Mboni ndine, cholinga chilipo, chida chilipo. Sindikuona chomwe mwavutikira kubwera."

Mtengowo unali utazyolika ngati nkhuku yodwala. Masamba anali atafota, ena atasanduka ofiirira, ndipo pansi panali timapeyala tating'ono ngati chala chamanthu tili mbwee.

"Mtengo uwu ndi umodzi wokha, kwina kulikonse kulibe," anapitiriza Loya. "Bambo anaupanga okha zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Mapeyala ena onse amapsa nthawi ya mvula n'kutha. Awa amapsa nthawi yozizira, pamsika mulibe ngakhale limodzi. Khungu lakuda, nthanga yaing'ono, mnofu ngati batala. Anautcha Mfumukazi, dzina lomwe ankawaitanira amayi. Kampani ina ya mbande inali itavomera kudzatenga nthambi zake kuti dzina la bambo lisafe. Lero onani."

"Bambo anamwalira liti?"

"Kuzizira kukungoyamba kumene. Ndipo mukudziwa chopweteka? Kuzizira kutangotha, mtengowu unachita maluwa omwe sitinawaonepo chiubzalire. Njuchi zinkachita kumveka kumsewu. Tonse tinkati ndi bambo akutipatsa moni."

Sajeni anagwada n'kukankhira pambali maluwa a masamba akuluakulu omwe anabisa tsinde. Bala linali pamenepo, pafupi ndi dothi: khungwa losendedwa kuzungulira thunthu lonse, kukula kwake ngati chikhatho. Mtengo wa mkati mwa balalo unali wakuda ndi nkhungu. M'mphepete mwake, mbali yakumwamba, khungwa linali litatupa ngati mlomo wa munthu womenyedwa. Pamwamba ndi pansi pa balalo panalinso timabala tina tating'ono tong'ambidwa mwaukhondo, toyera, tatsopano, tili ndi zinyenyeswa zoyera m'mbali. Anatiwerenga. Tinali tisanu ndi tinayi kumwamba, tisanu ndi tinayi kumunsi. Anatulutsa foni n'kujambula.

"Munawaona liti a Gadeni?"

"Loweruka, masabata atatu apitawo, cha m'ma teni koloko. Atagwada pomwe mwagwadapo, mpeni uli m'manja. Atandiona anabisa mpeniwo kumbuyo ngati mwana wakuba shuga."

"Angaphe bwanji mtengo womwe ausamala zaka zonsezi?"

"Ndinali nditawauza kuti chaka chikatha apume, kanyumba kakuseri kakufunika. Njiru, a Sajeni. Anthu awa ukawasunga nthawi yaitali amayamba kuona ngati nyumba ndi yawo."

Mayi a nyumbayo anali pakhonde, pampando wa ndalema, akumasula juzi yakale kuti apeze ulusi. Anali mayi wamng'ono thupi, waukhondo, wa maso osaphethira kawirikawiri. Pa sosala pambali pawo panali kathumba ka tiyi kogwiritsa kale ntchito, atakayanika kuti kadzagwirenso mawa. M'mphepete mwa khondelo munandanda miphika ya akakombo ofiira, aja amatulutsa maluwa nthawi yotentha masamba asanamere. Mitu yake inali yolemera, choncho phesi lililonse linamangiriridwa ndi ulusi wa juzi ku kamtengo kozikidwa m'mphikamo.

Chigongono cha Sajeni chitayandikira mphika umodzi, mayiwo anakweza chala.

"Musakhudze, mwana wanga. Dimba lonseli ndi la malemu ndi wantchito wawo. Anga ndi awa okha. Ngakhale madzi ndimathirira ndekha, palibe amaikapo dzanja."

"Pepani, mayi. Munaonapo chilichonse kumtengo kuja?"

"Ndikaone bwanji? Miyendo yangayi imathera pakhonde pano. Chimwalirire bambo, geti lomwe sindilidziwa."

"Inuyo mukuganiza kuti a Gadeni angachite zimenezi?"

Mayiwo anakoka ulusi, mzere wonse wa juzi n'kumasuka.

"Munthu amene watseka pakamwa zaka makumi atatu, mwana wanga, sungadziwe zomwe watsekera m'katimo."

* * *

Sajeni za mitengo sankazidziwa. Chomera chokha chomwe anasungapo m'moyo mwake chinali duwa la m'chitini lomwe linafa iye ali kukosi ya zaupolisi. Choncho anaimitsa galimoto pamphambano, pomwe mayi wina ankagulitsa mbande m'machubu akuda pansi pa mthunzi wa ukonde. Mayiyu tauni yonse inkamudziwa ndi dzina loti Nachubu, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale akudya.

"Eee, boma lafika! Mwabwera kudzandimanga kapena kudzagula? Ngati n'kugula, tengani magwafa awa, achemwali, ngakhale wapolisi sangawaphe."

Sajeni anamuonetsa chithunzi. Nachubu anapukuta manja pachitenje, n'kuchikulitsa ndi zala zamatope. Kuseka kunathera pomwepo.

"Uwu si Mfumukazi wa a Dokotala uwu? Mayo ine! Ndani wachita zaufiti zoterezi?"

"Akuti a Gadeni, masabata atatu apitawo."

"Masabata atatu! Wakuuzaniyo akabwerere kusukulu, ngakhale akhale ndi madigiri odzadza wilibala. Taonani apa. Mwauona mlomo wotupawu? Chakudya cha mtengo chimaphikidwa m'masamba, n'kumatsikira kumizu kudzera m'khungwa. Ukadula khungwa, chimafika pabala n'kusowa njira, ndiye chimaunjikana pamenepo. Kuti patupe chonchi pamafunika miyezi, achemwali, isanu kapena kuposa. Bala la masabata atatu limakhala loyera, likudontha utomoni. Ili lachita kudera nkhungu."

"Koma akuti miyezi itatu yapitayo unachita maluwa kuposa kale lonse. Mtengo wodulidwa ungatero?"

"Ndiye umboni wakewo umenewo! Chakudya chonse chatsekeredwa kumwamba, mtengo umakhuta mpaka kuledzera, n'kutulutsa maluwa ngati wapenga. Pansi mizu ikufa ndi njala. Ifenso timachita zimenezo mtengo ukakhala waulesi kubereka, koma timangocheka pang'ono ngati ulusi, nthambi imodzi, pakatha mwezi papola. Uyu sanacheke kuti ubereke. Maluwa aja anthu ankakawajambula aja, ine ndinamva, mtengo unali ukufa kale. Anaudula nthawi yozizira ameneyu."

Sajeni anatulutsa kabuku kake.

"Nthawi yozizira a Gadeni anali kuti?"

"Simukudziwa? Maliro a abwana awo atangotha sabata imodzi, anagwa pamakwerero akuthyola mapeyala omwewo. Mwendo thyo! Anagona m'chipatala masabata asanu ndi awiri, mwendo ataupachika m'mwamba ngati nyama ya pabutchala. Ineyo ndinkakawazonda Lachitatu lililonse. Potuluka n'kuti mtengo utayamba kale mphundu za maluwa."

"Nanga timabala tating'onoti?"

Nachubu anayang'anitsitsa, kenako anaika dzanja pakamwa.

"Uwu ndi mlatho. Mdala uja, mdala uja! Mtengo ukasendedwa chonchi, umatenga timphukira ta mtengo womwewo tokula ngati pensulo, kutisongola mbali zonse ziwiri, mbali ina kulowetsa pansi pa bala, ina pamwamba, n'kumata phula la kandulo. Tikagwira, chakudya chimawolokera pamenepo, mtengo n'kupulumuka. M'tauni muno odziwa zimenezi tilipo awiri, ine ndi iwowo, ndipo anandiphunzitsa ndi iwo. Mpeni womwe anawaona nawowo unali wochiritsira. Koma timitengo take tili kuti? Sindikutiona apa."

"Panalibe kamtengo."

"Ndiye kuti wina anatizula tisanagwire. Anaupha kawiri, achemwali."

Sajeni anatseka kabuku kake. Akutsegula chitseko cha galimoto anangoyankhula zongodziyankhulira: "Mtengo umodzi wokha padziko, n'kuupha kawiri."

"Umodzi wokha?" Nachubu anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ine sindinanene kanthu, mwamva? Ine ndimagulitsa magwafa. Koma mukadutsa kuseri kwa chipatala chakale, pali nyumba ya geti lobiriwira, ya anamwino ena opuma ntchito. Mukangokweza maso basi."

* * *

Sanafunike kugogoda kuti auone. Mtengowo unaphimba theka la denga, masamba ali biriwiri, timapeyala tatsopano tili lende m'nthambi zonse. Thunthu lake anthu awiri sakanalikumbatira.

Anamwino anali mayi wamtali, wowuma thupi, woyankhula ngati akuwerenga mlingo wa mankhwala. Sanamupatse Sajeni mpando.

"Mapeyala ake amapsa liti, mayi?"

"Nthawi yozizira."

"Khungu lakuda, nthanga yaing'ono?"

"Mwadya kale, mukufunsiranji?"

"Anabzala ndani?"

"Palibe. Unamera wokha padzala bambo anga ali mnyamata. Ukupitirira zaka makumi asanu ndi awiri."

"A Dokotala anatengako nthambi pano?"

Anamwino anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"A Dokotala anatenga zambiri pakhomo pano. Nthambi ndiye chaching'ono. Ndipo sanadule okha, munthu uja mpeni ankaudziwa wa m'chipinda cha opaleshoni wokha. Anadula ndi wantchito wawo, n'kukamezanitsa kwawoko pa kambande wamba. Wantchito yemweyo ankabwera nawo Lachinayi lililonse, ati kudzadulira mpanda wanga. Mpanda unkaduliridwadi, sindinganame."

"Akazi awo ankadziwa?"

"Sankadziwa. Mpaka chaka chino."

"Anadziwa bwanji?"

"Ulemu wawo womwewo unawapweteka. Maliro atatha masabata awiri, anayenda nyumba ndi nyumba kuthokoza onse amene tinawadwazika amuna awo. Anabwera pa takisi, okha. Anatsika bwinobwino, analowa pageti apo, akumwetulira. Kenako anakweza maso. Mapeyala anali atapsa, akuda bii mtengo wonse, nthawi yomwe aliyense amadziwa kuti mapeyala amapezeka nyumba imodzi yokha."

"Ananena chiyani?"

"Anapita pathunthu, analiyeza ndi mikono yawo. Sinakumane. Anandifunsa funso limodzi: 'Uli ndi zaka zingati?' Ndinawauza. Ine sindinama, ndi matenda anga. Tiyi ndinali nditathira kale, anazizirira patebulo."

Sajeni anabwerera m'galimoto n'kuyamba kuganiza, makiyi ali m'manja. Miyendo yothera pakhonde ija inali itafika kuseri kwa chipatala chakale. Koma zimenezo sizinali umboni, bodza la nkhalamba silimangitsa munthu. Ankafunika timitengo tija. Munthu akazula timitengo tisanu ndi tinayi amatitaya kuti? Kudzala, kumoto, kuseri kwa mpanda. Aliyense akanataya.

Kenako anakumbukira kathumba ka tiyi koyanika pa sosala. Anakumbukira juzi yakale ikumasulidwa. Analiza galimoto.

* * *

Mayi aja anali pomwe anawasiya. Juzi inali itatsala mkono umodzi.

"Mwabweranso, mwana wanga? Mwaiwala chiyani?"

Sajeni analunjika pa akakombo aja. Anapita pamphika woyamba, anamasula ulusi, nazula kamtengo kochirikiza kakombo. Duwalo linawerama mpaka kugunda simenti.

"Ndinati musakhudze!"

Kamtengoko kanali kokula ngati pensulo, kosongoledwa mbali zonse ziwiri ndi mpeni wakuthwa wa munthu wodziwa ntchito. Kumapeto kwake kunali kutakakamira phula loyera. Sajeni anakanunkhiza atakakanda ndi chikhadabo. Kanali ka mpeyala. Anayenda mzere wonse wa miphika akuwerenga mokweza, ndipo anathera pa chisanu ndi chinayi.

"Munandiuza nokha, mayi, kuti miphika iyi palibe wina amaikapo dzanja."

Mayiwo anaika juzi pamiyendo. Sananjenjemere, sanalire. Nkhope yawo inangooneka ngati ya munthu amene watula mtolo n'kupeza kuti khosi likupwetekabe.

"Tinali timitengo tabwino," anatero. "Towongoka. Kutitaya kunandiwawa."

"Khungwa munasenda ndinu?"

"Ndi mpeni wa buledi. Masiku atatu, m'mawa uliwonse mwana wanga akapita kuntchito. Manja anachita matuza."

Loya anali atatulukira pakhomo, kapu ya madzi ili m'manja. Anaima pomwepo kukamwa kuli yasa.

"Amayi, musayankhe chilichonse. A Sajeni, amayi sakupeza bwino, zomwe akunena..."

"Khala chete, iwe. Kukhoti n'kuntchito kwako, pano ndi pakhonde panga." Anatembenukira kwa Sajeni. "Ndinu wokwatiwa, mwana wanga?"

"Ndinali."

"Ndiye mumva. Zaka makumi awiri ndi ziwiri alendo akabwera, bambo ake a uyu ankawatengera kumtengo kuja. 'Uwu ndinapangira mkazi wanga, ndinautcha dzina lake.' Ine n'kumachita manyazi ngati mtsikana, n'kumagawira anzanga mapeyala m'mapepala, ati alaweko Mfumukazi. Ena mwa anzangawo ankadziwa komwe unachokera. Ankadya, n'kumandiyamikira. Tsiku lija ndinakumbatira thunthu la kwa mkazi uja, mikono yanga sinakumane. Langa ndinkalikumbatira ndi mkono umodzi. Ndine wosaphunzira za mitengo, koma mayi ndi mwana ndimawasiyanitsa. Ndinadyetsedwa zotsala za pakhomo pa mkazi mnzanga, n'kumanyambita zala."

"Ndamva, mayi. Koma a Gadeni ali m'chitolokosi masiku anayi. Munkadziwa kuti sanalakwe, ndipo munangokhala pano n'kumamasula juzi."

"Sanalakwe?" Apa ndi pomwe mawu awo anakwera. "Mwamuna wanga wapita, sindingamufunse kanthu. Ndikapita kumanda ndikayankhula ndi simenti. Koma uyo! Chaka chilichonse dengu loyamba ankabwera nalo pakhonde pano, chipewa chili m'manja. 'Amayi, Mfumukazi wapsa.' Akudziwa. Nthambi anadula ndi manja ake, anaibisa m'chiguduli chonyowa, analowa nayo pageti langa. Lachinayi lililonse ndinkamupakira buledi woti akadye kodulira mpanda. Ndiye nditaupha, iye akubwera ndi kandulo kudzaudzutsa! Ndinamuona ndili pano. Ndinadikira apite kukagula manyowa, ndinatsika n'kukazula timitengo take."

Loya anaika kapu pawindo mosamala kwambiri, ngati kapuyo ndiyo inali nkhani yaikulu. Sajeni anaona nkhope yake ikusintha, mwana akubisala, loya n'kutulukira.

"A Sajeni, tiyeni tiyankhule ngati anthu akuluakulu. Wodandaula ndine. Mukalemba dzina la amayi mufailomo, ine dandaulo langa sindichotsa. Ndinena kuti timitengoti anaika m'miphika ndi mdalayo. Mlandu uziyenda miyezi, ndimadziwa kuuyendetsa, iye ali mkati. Koma mukalemba kuti mtengo wafa ndi chiswe, ndisaina pompano, atuluka lero."

"Chiswe chogwira mpeni wa buledi."

"Chiswe, a Sajeni. Ndipo za mkazi winayo sizituluka pano. Bambo anali munthu wolemekezeka."

Sajeni anafuna kumulavulira pa tayi. Anaganiza za abwana ake, omwe ankamwera malo amodzi ndi maloya, anaganizanso za simenti ya m'chitolokosi ndi mwendo wothyoka uja. Anatulutsa cholembera n'kumupatsa.

"Atuluke," anatero mayi aja, atatolanso juzi yawo. "Koma pakhomo pano asagonenso. Ndipo asanapite, audule yekha. Anaubweretsa ndi iye."

* * *

A Gadeni anasainira lamba ndi chipewa chawo, n'kutuluka akutsimphina. M'galimoto anakhala kumphepete kwa mpando ngati akuopa kuudetsa.

"Munkadziwa," anatero Sajeni atayenda kamtunda.

"Maluwa aja anandiopsa, bwana. Anthu akusangalala, ine mtima uli m'mwamba. Mtengo wabwinobwino suchita choncho. Koma mwendo sunkalola kugwada. Nditatha kugwada, ndinapeza bala. Mano a mpeni wa buledi ankaoneka pakhungwa. Mpeni umenewo ndimanola ndine."

"Ndiye bwanji osanena? Mukanafera kundende!"

"Ndikanati chiyani? Akanafunsa chifukwa chake. Ndinakhala chete zaka makumi awiri ndi ziwiri kusungira abwana. Amayi ndikanalephera kuwasungira masiku anayi?"

"Iwo sanakusungireni."

"Ali ndi chifukwa, bwana. Buledi wawo ndinkadyadi."

Atafika anapeza ntchito yatha kale. Kanyumba kakuseri kanali ndi loko watsopano. Katundu wa zaka makumi atatu anakwana mu wilibala imodzi: bulangete, mapoto awiri, wailesi, jombo, ndi chitini cha mipeni yomezanitsira. Wilibalayo inali ya pakhomopo, ndipo Loya ananeneratu kuti ibwezedwe. Nkhwangwa anaitsamiritsa pathunthu la mpeyala.

"Palibe lamulo lokukakamizani, bambo," anatero Sajeni. "Kwerani, ndikusiyeni kwa Nachubu. Adule okha ndi matayi awowo."

A Gadeni anayang'ana mtengowo, anayang'ana mbali yomwe unapendekera.

"Wina augwetsera pa mandimu."

Anayamba apita kuthanki, anatunga ndowa ziwiri, anathirira mandimu aja mmodzimmodzi osafulumira. Kenako anabwera pamtengo. Anagwada movutikira, napapasa thunthu pamwamba pang'ono pa bala, pomwe panali kachipsera kakalekale kooneka ngati mfundo, pamene anamezanitsa nthambi ija ali ndi tsitsi lakuda. Anavula chipewa n'kutembenukira kukhonde, monga ankachitira chaka chilichonse. Mayi aja anali atawerama pamiphika yawo, akuchirikiza akakombo ndi masipuni akale. Sanadzutse mutu.

A Gadeni anavalanso chipewa, nalavulira m'manja.

Sajeni sanafune kuonerera. Anakakhala m'galimoto kunja kwa geti, failo ili pamiyendo, timitengo tisanu ndi tinayi tili m'thumba la yunifolomu, umboni wa mlandu womwe kunalibe. Pamzere wofunsa chomwe chinachitika anayamba kulemba. Mawuwo anali amodzi okha, afupiafupi, koma nkhwangwa inalira katatu iye asanamalize kulemba kuti chiswe.